Kodi mumadziwa? Zimbale ziwiri za Matafale

Kodi mumadziwa kuti Evison Matafale, mnyamata wa ku Chileka amene ambiri amamuyesa mfumu ya chamba cha reggae m'Malawi muno, anatisiyira zimbale ziwiri zokha? Choyamba, Kuimba 1, chinatuluka m'chaka cha 1999, ndipo Kuimba 2 chinatsatira mu 2001, chaka chomwecho chimene, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, anatisiya ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala, ali ndi zaka 32 zokha.

Komatu pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, iye anali atasonkhanitsa kale abale ake a kwa Fumulani, ana a malemu Robert Fumulani, m'gulu la Black Missionaries. Ndipo iwowa, m'malo moyamba dzina lawolawo, monga akadachitira anthu ofuna ulemerero wa iwo eni, anapitiriza kuwerenga pamene mbale wawo analekezera, natulutsa Kuimba 3 ndi zina zotsatira, poyamba motsogozedwa ndi Musamude, amene naye anamwalira mu 2007, kenaka ndi mng'ono wake Anjiru.

Chimene chinakopa mitima, m'kuona kwathu, chinali mawu a nyimbo zake, pakuti anaimba m'Chichewa ngati mlaliki wakale, wodzudzula amphamvu osaphethira ndi kutonthoza osauka. Chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukafika, khamu la anthu limasonkhana ku Chileka pa mwambo womukumbukira.