Posamukira Kutsidya kwa Nyanja: Tinyamule Ciani, Tisiye Ciani?

Abale ndi alongo, mabanja ambiri a mumipingo yathu akusamukira ku UK, America ndi Australia kaamba ka nchito kapena maphunzilo. Ndeke zambiri zonyamuka ku Lusaka zimalola sutukesi ya makilo 23, ndipo zopitilira apo timalipilira mokwela. Motero nyumba yonse siingakwele ndeke.

Coyamba ndi mapepala: satifiketi yobadwila, ya cikwati, ya maphunzilo, makhadi a kusikelo a ana, ndi kalata yosamukila yocokela kwa abusa. Izi zikhale m'cikwama ca m'manja, cifukwa sutukesi imatha kusokela panjila.

Za malaiti tiyang'ane dziko. Ku UK mphamvu yake ndi mavoti 230 monga kuno, ndipo mapulagi a mano atatu amalowa. Ku America ndi Canada ndi mavoti 120, conco ketulo kapena aini ya kuno siitentha bwino kumeneko.

Cakudya cili ndi malamulo. UK imaletsa nyama ndi za mkaka zocokela kuno, koma imalola kapenta wouma. Ku Australia cakudya ciliconse, mbeu, ngakhale mthiko wamtengo, tiyenela kuziulula pofika. Wobisa amalipila cindapusa.

Mipando, mafiliji ndi mbaula tigulitse kapena tipatse abale. Malo otsala tisungile zosoweka kumeneko: vitenge, zithunzi za makolo, Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo, kuti ana asaiwale cinenelo cao.