Miyendo Yowawa Poyenda

Alipo achikulire ena kuno ku Mulanje amene popita ku msika wa Chitakale amaima kawiri katatu panjira chifukwa akatumba awawa, ndipo akapuma pang'ono ululu uleka. Ambiri ayesa ukalamba chabe. Iai, kawirikawiri mitsempha yotengera magazi ku miyendo yachepa m'kati, makamaka mwa osuta fodya ndi odwala shuga.

Munthu wotere akangokhala pakhonde, miyendo ifookeratu, mpaka alephera ndi kumunda komwe. Chomuthandiza ndi kuyenda komweko. Yendani kufikira ululu utayamba, pumani, nyamukaninso, mphindi 30, katatu pa sabata. Fodya mlekeni.

Koma chala chakuphazi chikazizira ndi kuda, kapena chilonda chikakana kupola, fulumirani ku chipatala cha Boma kapena cha Mishoni, mwendo ungadulidwe.