Sabata Lili pa Nambala 6

Tonsefe tinakula tikudziwa kuti Sabata ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Koma tikalemba masiku a mlungu m'pulogalamu ya kompyuta n'kuitanitsa tsiku la pa nambala 7, Sabata sitilipeza. M'chinenero cha Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, mndandandawo timaulemba motere:

masiku = ["Lamulungu", "Lolemba", "Lachiwiri", "Lachitatu", "Lachinayi", "Lachisanu", "Sabata"]

Tikafuna chinthu chimodzi m'mndandanda, timalemba nambala ya malo ake, imene olemba mapulogalamu amaitcha index. Tikalemba masiku[1], ambiri timayembekezera Lamulungu, koma kompyuta imatipatsa Lolemba. Lamulungu lili pa masiku[0], Sabata pa masiku[6], ndipo masiku[7] amangoimitsa pulogalamu ndi uthenga wa IndexError, kutanthauza kuti malo amenewo kulibe.

N'chifukwa chiyani kuwerenga kumayambira pa 0? Nambalayi sikutiuza kuti chinthucho ndi chachingati. Ikutiuza kuti chatalikira bwanji kuchokera poyambira. Ndi mmene timawerengera zaka: khanda la miyezi itatu lili m'chaka chake choyamba, komabe zaka zake zikadali 0. Chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anakonza cha m'ma 1972, chimasunga zinthu za m'mndandanda moyandikana, ndipo kuti kompyuta ipeze chimodzi imayambira pa choyamba n'kudumpha malo angapo. Pofuna choyambacho sidumpha kalikonse. Python, Java ndi JavaScript zimawerenga chimodzimodzi, pamene Fortran, MATLAB ndi R zimayambira pa 1.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pang'ono apa. Lachiwiri ndi tsiku lachitatu la mlungu tikayambira pa Lamulungu, koma dzina lake likuti awiri, ndipo m'mndandanda wathu lilidi pa 2. Lachitatu lili pa 3, Lachisanu pa 5. Mayinawa anawerengedwa kuyambira Lolemba, koma akuthandiza wophunzira kukumbukira.

Python imalolanso kuwerenga kuchokera kumapeto: masiku[-1] ndi Sabata, masiku[-2] ndi Lachisanu. Izi zimathandiza pamene kutalika kwa mndandanda sitikukudziwa.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi kutapa zinthu zingapo nthawi imodzi. Tikalemba masiku[1:6] timalandira Lolemba mpaka Lachisanu. Sabata, la pa 6, limatsala, chifukwa nambala yoyamba imalowa koma yomaliza ndi malire chabe. Poyamba zimaoneka ngati kukhwimitsa zinthu dala. Katswiri wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, analemba kalata yaifupi mu 1982 yoikira kumbuyo njirayi, ndipo ife tikuona kuti ankanena zoona. Tikachotsa 1 pa 6 timapeza 5, chiwerengero chenicheni cha masiku amene tatapa. Komanso masiku[:6] amatipatsa masiku asanu ndi limodzi ogwira ntchito, masiku[6:] n'kutipatsa Sabata lokha, popanda tsiku lobwerezedwa kapena loiwalika.

Vuto lalikulu limabwera pamene pulogalamu yalakwitsa koma osadandaula. Tiyerekeze kuti tapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu yokonza ndandanda ya mayeso, ndipo tauzidwa kuti isaike mayeso pa Sabata. Mu JavaScript, getDay() imapereka 0 pa Lamulungu ndi 6 pa Loweruka, monga mndandanda wathu uja. Mu Python, weekday() imapereka 0 pa Lolemba, choncho Loweruka ndi 5 ndipo 6 ndi Lamulungu. Munthu amene anazolowera JavaScript akalemba mu Python kuti tsiku la 6 lidumphidwe, pulogalamu idzayenda bwinobwino, n'kusiya Lamulungu lopanda kanthu ndi kuika mayeso pa Sabata. Palibe uthenga wochenjeza umene udzatuluke. Oyamba kuzindikira adzakhala ophunzira ataima pa bolodi la zidziwitso.

M'chinenero cha C zimaopsa kwambiri, pakuti sichiletsa kuwerenga kupyola mapeto a mndandanda. Vuto la Heartbleed, limene linadziwika mu 2014 mu OpenSSL, linali lotero: akuba akanatha kuwerenga zimene zinasungidwa kuseri kwa malire, kuphatikizapo mawu achinsinsi a anthu.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta. Tisanadalire pulogalamu, tiiyese ndi tsiku limene tikulidziwa kale. Pa 1 Januwale 2000 linali Loweruka, ndiye weekday() iyenera kupereka 5, getDay() n'kupereka 6. Tichenjerenso kuti mu JavaScript miyezi imayambira pa 0, kotero Januwale ndi 0 ndipo Disembala ndi 11, ngakhale madeti a mwezi amayambira pa 1. Tikatero tiyesenso chinthu choyamba ndi chomaliza cha mndandanda uliwonse, poti zolakwa zotere zimakonda kubisala m'mphepete.

Chatsala ndi chimodzi chimene nambala ya tsiku singatiuze. Kompyuta imasintha tsiku pakati pa usiku, pamene Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu. Pulogalamu ya mayeso ija iyenera kuyang'ananso ola, kuti madzulo a Lachisanu asapatsidwe pepala lililonse.