Kuthira Manyowa ndi Feteleza m'Damu la Nsomba

Manyowa kapena feteleza wothiridwa m'damu si chakudya cha nsomba. Ntchito yake n'kudyetsa ndere zazing'ono kwambiri zoyandama m'madzi, zomwe sizioneka imodzi imodzi koma zikachuluka zimabiriwiritsa madzi. Ndere zimenezi, pamodzi ndi tizilombo tomwe timazidya, ndizo chakudya chachilengedwe cha makumba ndi nsomba zina za mtundu wa chambo. Gaga amangowonjezera.

Ndere zimafuna michere iwiri makamaka: nayitrojeni ndi fosifolasi. Zitosi za nkhuku zili ndi mphamvu kuposa ndowe za ng'ombe, choncho zimathiridwa zochepa. Poyambira pabwino ndi makilogalamu 2 kapena 3 a zitosi zouma pa sabata m'damu la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Manyowa amaikidwa m'kakhola ka timitengo pangodya ya damu, kapena m'thumba lomangidwa pachikhomo, kuti azisungunuka pang'onopang'ono.

Feteleza wa m'sitolo amagwiranso ntchito. Ku Tsangano ndi ku Macanga, komwe anthu amalima chimanga, mbatatesi ndi fodya, yureya ndi NPK 12:24:12 n'zodziwika kale. Koma kumwaza feteleza wa mibulu m'damu ngati m'munda n'kutaya ndalama, chifukwa amamira ndipo matope amagwira fosifolasi osaibwezanso msanga. Ayenera kusungunulidwa kaye m'chidebe, kenako madziwo n'kuwazidwa pamwamba pa damu lonse, m'mawa dzuwa likuwala.

Muyezo weniweni umaoneka pa madziwo. Mlimi amaviika mkono mpaka m'chigongono, chikhatho chitatambasulidwa. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, ndere n'zochepa ndipo damu likufuna manyowa. Chikayamba kuzimirira pamene madzi afika m'chigongono, pafupifupi masentimita 30, damu lili bwino. Chikasowa mkono utangolowa pang'ono, kuthira kuyenera kuima mpaka madzi atayerako. Njirayi imanama ngati madzi ali ofiira ndi matope, pakuti chobisa chikhathocho ndi dothi. Damu lotere limafuna kutseka kaye madzi othamanga ochokera m'minda.

Kuchulutsa n'koopsa kuposa kuchepetsa. Masana ndere zimatulutsa mpweya wa okosijeni, koma usiku zimaugwiritsa ntchito, monganso manyowa omwe akuwola pansi. Mpweyawu umachepa kwambiri m'bandakucha, ndipo nsomba zimabwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa. Zikatero, manyowa ndi gaga zimaimitsidwa, ndipo madzi atsopano amalowetsedwa. 

Maboma a Tsangano ndi Macanga ali kumtunda, ndipo izi zimasintha muyezo. Ku Tsangano, kufupi ndi malire a Ntcheu, komanso ku Furancungo m'boma la Macanga, miyezi ya Juni ndi Julayi imazizira kwambiri. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20, nsomba za mtundu wa chambo zimadya pang'ono, ndere zimakula mochedwa, ndipo manyowa amangounjikana pansi osawola msanga. Muyezo wa mu Okutobala suyenera kutsatidwa m'nyengo ya chisanu, makamaka masiku a mitambo ndi nkhungu.

Damu lina limakana kubiriwira ngakhale lithiridwe chotani. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi madzi olowa ndi kutuluka usana ndi usiku, omwe amakokolola michere yonse. Ngalande iyenera kutsegulidwa pongobwezera madzi otayika. Mwinanso dothi ndi la asidi, ndipo limafuna laimu wa ulimi madzi asanalowetsedwe. Udzu ndi zomera za pansi pa damu nazo zimalanda feteleza, choncho zizulidwe kaye. Chidebe chomwe anasungunuliramo mankhwala opopera mbatatesi kapena fodya chisagwiritsidwe ntchito pa damu.