Zaka 18 kapena 21: mfuti ndi mpando wa gavanala ku Texas

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, anthu a m'tauni ya Uvalde, m'chigawo cha Texas ku America, amakumbukira ana 19 ndi aphunzitsi awiri amene anaphedwa pa sukulu ya pulayimale pa 24 Meyi 2022. Chinali chaka cha chisankho cha gavanala, ndipo maliro asanathe n'komwe nkhani ya mfuti inali italowa kale m'kampeni. Opikisana awiri akuluakulu ankasiyana pa zambiri, koma mkangano wawo wa mfuti unathera pa funso limodzi: kodi munthu azigula mfuti ya mtundu wa AR-15 ali ndi zaka 18, kapena adikire mpaka 21?

Mwa amene anapulumuka tsikulo panali mtsikana wa zaka 11. Patangopita masabata awiri, aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington anaonera kanema wa umboni wake. Anafotokoza kuti kalasi yawo inkaonera filimu pamene aphunzitsi analandira uthenga woti pasukulu palowa munthu wa mfuti. Ana anabisala kuseri kwa tebulo la aphunzitsi ndi zikwama zawo. Aphunzitsiwo atapita kukakhoma chitseko anangoonana maso ndi maso ndi wa mfutiyo, yemwe anawauza kuti "usiku wabwino" n'kuwawombera. Mnzake wa mtsikanayu, amene anali pambali pake, naye anawomberedwa. Poopa kuti wa mfutiyo abwereranso, mwanayu anatapa magazi a mnzakeyo n'kudzipaka thupi lonse, kenaka anangokhala zii ngati wafa. Atapeza mpata anatenga foni ya aphunzitsi n'kuimbira apolisi. M'kanemamo anayankhula motsitsa, osalira. Atamufunsa ngati amadzimva wotetezeka kusukulu, anapukusa mutu. Atamufunsanso ngati akuganiza kuti zoterezi zidzachitikanso, anagwedeza mutu kuvomera.

Pamene iye ankaimba foniyo, apolisi anali atafika kale. Onse pamodzi anakwana 376, koma panadutsa mphindi 77 asanalowe m'kalasimo.

Wa mfutiyo anali atangokwanitsa zaka 18 pa 16 Meyi. Komiti ya aphungu a ku Texas imene inafufuza nkhaniyi inapeza kuti tsikulo lisanafike anapemphapo anthu ena kuti amugulire mfuti, koma anamukanira. Anadikira tsiku lake lobadwa. M'masiku ochepa otsatira anagula mfuti ziwiri ndi zipolopolo zoposa 1,000, zonse motsatira malamulo, ndipo patatha masiku asanu ndi atatu kuchokera pa tsiku lobadwalo analowa pasukulupo. Pa msinkhu umenewo sakanagulitsidwa mowa, ndipo lamulo la dziko lonse silikanamulola kugula mfuti yaing'ono ya m'manja m'sitolo ya chiphaso, chifukwa zonsezi zimafuna zaka 21. Mfuti yaitali yokha ndiyo inali yololedwa. Apa ndi pamene makolo ambiri oferedwa anaponda mwala: lamulo linamugwira mnyamatayo mpaka tsiku lobadwa, ndiye likanakhala la zaka 21 bwenzi ana awo ali moyo.

Wopikisana ndi gavanala anatenga mfundoyi n'kuiika patsogolo. Ankafunanso kuti aliyense wogula mfuti azifufuzidwa mbiri yake, ndiponso kuti makhoti azitha kulanda mfuti kwa kanthawi kwa munthu amene akuoneka kuti angavulaze ena. Tsiku lotsatira ngoziyo anadzambatuka pakati pa msonkhano wa atolankhani ku Uvalde n'kuloza chala gavanala kuti mlanduwu ndi wake, mpaka anamutulutsa m'holomo. Koma anali ndi katundu wolemera pamutu. Mu 2019, anthu ataphedwa m'sitolo kwawo ku El Paso, ananena poyera kuti boma lidzalanda mfuti za AR-15. Ku Texas mawu otere saiwalika, ndipo a mbali ya gavanala sanatope kuwakumbutsa ovota.

Gavanalayo, amene mu 2021 anasaina lamulo lolola anthu a zaka 21 kupita m'tsogolo kuyenda ndi mfuti ya m'manja popanda chiphaso, ankati gwero la vutoli ndi matenda a maganizo ndi kufooka kwa chitetezo m'sukulu. Pa za msinkhu sanalimbane ndi funso loti mfundoyi ndi yabwino kapena ayi. Iye ankati n'zosatheka, chifukwa kukweza zaka n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Anali ndi poyambira. Mu Juni 2022 khoti lalikulu la America linagamula kuti lamulo lililonse loletsa mfuti lizigwirizana ndi mmene dzikolo lakhala likuchitira kuyambira kale, ndipo mu Ogasiti woweruza wina ku Fort Worth anathetsa lamulo la Texas loletsa achinyamata a zaka 18 mpaka 20 kuyenda ndi mfuti za m'manja.

Pa mtsutso wawo umodzi wokha, umene unachitikira ku Edinburg pa 30 Seputembala, wopikisanayo anayankha ndi chitsanzo cha Florida. Kumeneko anthu 17 ataphedwa pa sukulu ya sekondale ku Parkland mu Febuluwale 2018, aphungu anakweza msinkhu wogulira mfuti kufika pa 21, ndipo lamulolo linasainidwa patatha masiku 23 okha. Anasaina ndi gavanala wa chipani chomwecho cholamula ku Texas. New York nayo inachita zofanana mu Juni 2022, mnyamata wina wa zaka 18 atapha anthu 10 m'sitolo ku Buffalo.

Kunena zoona, mawu oti "n'zosatheka" anali othamangira. Chigamulo cha ku Fort Worth chinali cha kuyenda ndi mfuti ya m'manja, osati kugula mfuti yaitali. Ngakhale pambuyo pake makhoti sanayankhule chimodzi: mu Januwale 2025 khoti la apilo limene limaona milandu ya ku Texas linati kuletsa achinyamatawa kugula mfuti za m'manja n'kulakwa, pamene mu Malichi chaka chomwecho khoti lina la apilo linati lamulo la Florida lilibe vuto. Komabe kwa wandale yankho lija linali lopindulitsa, chifukwa linamuchotsa pa mpanipani woyang'ana makolo oferedwa m'maso n'kuwauza kuti sakufuna.

Pa 8 Novembala gavanala anapambana ndi mavoti pafupifupi 55 pa 100 aliwonse, mnzakeyo n'kupeza 44. M'boma la Uvalde lenilenilo gavanalayo anapeza pafupifupi 60 pa 100. Ovota ambiri anali ndi zina m'mutu: kukwera mitengo kwa zinthu, nkhani ya malire a Mexico, ndi kuchotsa mimba.

Makolo aja sanagwe mphwayi. Mu Epulo 2023 anapita ku Austin n'kudikira tsiku lonse mpaka usiku kuti apereke umboni ku komiti ya aphungu a ku Texas. Mu Meyi, patangopita masiku awiri anthu asanu ndi atatu ataphedwa pa malo ogulitsira malonda ku Allen, komitiyo inavomereza bilu ya zaka 21 ndi mavoti 8 kwa 5, aphungu awiri a chipani cholamula atagwirizana ndi otsutsa. M'chipindamo anthu analira ndi kukumbatirana. Biluyo sinafike n'komwe m'nyumba yonse. Nthawi yoikambirana inatha ili m'kabati.

Dera la Uvalde ndi la mafamu a ng'ombe ndi alenje, ndipo alendo ambiri amabwerako kudzasaka agwape. Nyengo yosaka imatsegulidwa kumayambiriro kwa Novembala, masiku omwewo amene anthu amakaponya voti. Sitolo imene mnyamata uja anakatengako mfuti zake imagulitsanso zipangizo za alenje, ndipo mbali ina ya nyumba yomweyo ndi lesitilanti.