Matsenga oyendera kumeza zitsulo

Ndi usiku, nkhungu yakuta mzinda wa Luthadel. Mtsikana wa zaka 16 waima pamwamba pa khoma lalitali. Pansi pali kachitsulo kamodzi kokha, koma iye akudumpha, n'kukatera bwinobwino osathyoka ngakhale chala.

Mtsikanayu ndi Vin, ndipo nkhani yake ili m'buku la Mistborn: The Final Empire lomwe adalemba Brandon Sanderson wa ku America, n'kutuluka m'chaka cha 2006. Nkhaniyi ndi yopeka, dziko lakenso ndi lopeka: phulusa limagwa ngati mvula, dzuwa ndi lofiira, ndipo mfumu yankhanza yotchedwa Lord Ruler yakhala pampando zaka 1,000.

Chidatchukitsa bukuli ndi matsenga ake, otchedwa Allomancy. M'menemo mulibe nsupa, mulibe kandodo ngati ka Harry Potter. Munthu amamwa tizidutswa ta zitsulo tothira m'kabotolo ka mowa, kenako n'kumatiwotcha m'mimba mwake. Tikatha, mphamvu nayo yatha, monga nyale imazimira palafini akauma.

Chitsulo chilichonse chili ndi ntchito yake. Cha tin chimanola maso ndi makutu, pewter amapatsa nyonga, zinc amautsa mkwiyo kapena mantha mwa anthu ena pomwe brass amaziziritsa mitima yawo. Koma pokoma penipeni ndi pa iron ndi steel.

Wowotcha iron amakoka zitsulo zomwe zili pafupi, wowotcha steel amazikankha. Onse awiri amaona timizere tabuluu tochoka pachifuwa pawo kupita pa chitsulo chilichonse. Apa mpomwe pali lamulo lolimba: kulemera sikunamizika. Akakankha khobidi, khobidilo limauluka ngati chipolopolo chifukwa ndi lopepuka. Akakankha chitseko chachitsulo chomulemera, amagwa chagada ndi iyeyo. Tsono khobidi lomwelo likakhala pansi, lilibe kothawira, ndiye munthuyo ndi amene amakwera m'mwamba. Ndi momwe Vin adatsikira pakhoma paja: ankakankha kachitsulo kaja pang'onopang'ono kuti asagwe mwaliwiro.

Poti malamulowa amadziwika, adani nawo sagona. Asilikali osaka anthu amatsenga savala chitsulo chilichonse. Amanyamula zishango ndi ndodo zamatabwa. Amatsengawo nawo amayenda ndi mipeni yagalasi.

Mphamvuzi zilinso ndi mtengo wake. Wowotcha pewter atha kumenya nkhondo ali ndi bala lalikulu osamva ululu, koma chitsulocho chikangotha amakomoka, mwina kufa kumene. Chitsulo chosakanizidwa molakwika chimadwalitsa.

Sanderson adafotokoza maganizo ake m'chaka cha 2007: mlembi angathetse vuto la m'nkhani ndi matsenga pokhapokha owerenga akumvetsa momwe matsengawo amagwirira ntchito. Mfundoyi ndi yomveka. Nthano yomwe ngwazi imangopeza mphamvu yatsopano zinthu zikathina imagwetsa ulesi, ngakhale mwana amadziwa kuti wanamizidwa.

Komatu si aliyense angawotche chitsulo. Mphamvuyi ndi ya kumtundu, ndipo imayenda m'magazi a mabanja olemera. Ambiri amatha chitsulo chimodzi chokha. Otha zonse, omwe ndi ochepa kwambiri, ndiwo amatchedwa Mistborn. Imadzukanso munthu akakumana ndi zoopsa, moti mabanja ena amamenya ana awo modetsa nkhawa pofuna kuona ngati ali nayo.

Anthu wamba, otchedwa skaa, ndi akapolo. Pofuna kuti mphamvu isafike kwa iwo, lamulo limati bwana akagona ndi mkazi wa skaa, mkaziyo aphedwe asanabereke. Vin adabadwa chifukwa lamuloli lidaphonyeka: mayi ake adali skaa, bambo ake adali mkulu wa m'boma. Kukhala moyo kwake kokha udali mlandu wa imfa.

Iye adakulira m'gulu la mbava osadziwa chomwe ali. Ankangoona kuti nthawi zina amatha kufewetsa mtima wa munthu, ndipo ankati ndi mwayi chabe. Sankadziwa kuti akuwotcha tizitsulo tochepa ta m'madzi akumwa, mpaka Kelsier, Mistborn yemwe adathawa kumigodi ya Hathsin, adamupatsa kabotolo koyamba.