Kodi liwiro ndi la njinga kapena la woyendetsa?

Pa masiteji a kabaza wa njinga zamoto m'boma la Ntcheu, kaya pa Lizulu, pa Tsangano Turn-off kapena pa Kampepuza, pali mkangano umene sukutha. Ena amati mwini njinga yatsopano sangapitiridwe pamsewu, pomwe ena amati katswiri ndi katswiri basi, ngakhale mutamupatsa njinga yotha matayala.

Mkangano womwewu ndiwo umautsa mapiri pachigwa mu mpikisano wa dziko lonse wa njinga zamoto wa World Superbike, omwe udayamba mu 1988. Njinga za mu mpikisanowu zimachokera ku zimene zimagulitsidwa m'mashopu, kungoti amazisula kuti zikhale zamphamvu. Injini zake ndi za 1,000cc kapena kuposerapo pang'ono ndipo zimathamanga kupitirira makilomita 300 pa ola, pomwe njinga zambiri za kabaza sizidutsa 150cc. Mu 2010 mpikisanowu udachitikirako ku bwalo la Kyalami, kufupi ndi Johannesburg.

Njira yabwino yoweruzira mlanduwu ndi kuona zimene zimachitika katswiri akasintha njinga.

Jonathan Rea wa ku Northern Ireland adakhala ndi Honda kufikira 2014. Ankapambana apo ndi apo, koma chikho osachinunkha. Atangolowa Kawasaki mu 2015 adachitenga, n'kuchisunga zaka 6 zotsatizana mpaka 2020. Atasamukira ku Yamaha mu 2024, chaka chonse chidatha osapambana ngakhale kamodzi. Munthu ndi yemweyo, chidasintha ndi njinga.

Alvaro Bautista wa ku Spain naye adalawa zomwezo. Mu 2019 adapambana mipikisano 11 yoyambirira ali pa Ducati. Atapita ku Honda mu 2020 ndi 2021 adangoti zii. Atabwerera ku Ducati adatenga chikho mu 2022 ndi 2023. Anzake adadandaula kuti kuchepa thupi kwake kunkapangitsa njinga yamphamvu kale kuuluka, moti akuluakulu a mpikisano adalamula kuti kuyambira mu 2024 njinga za oyendetsa opepuka aziziwonjezera zitsulo zolemetsa.

Pamenepa a mbali ya njinga akhoza kuomba m'manja, koma adikire kaye. Toprak Razgatlioglu wa ku Turkey, yemwe adatenga chikho mu 2021 ali pa Yamaha, adadabwitsa anthu posamukira ku BMW mu 2024, kampani yomwe palibe woyendetsa wake adali atatengako chikhochi. Mkuluyu adapambana mipikisano 13 mondondozana, n'kutenga chikho chaka chomwecho, kenako mu 2025. Mnzake wa timu imodzi, Michael van der Mark, adali ndi njinga ya mtundu womwewo koma mu 2024 adapambana kamodzi kokha.

Zofanana ndi izi zidachitikanso mu mpikisano wina wa MotoGP. Anthu ankati Valentino Rossi amapambana chifukwa cha Honda. Mu 2004 adapita ku Yamaha, yomwe chaka cham'mbuyo sidapambaneko, ndipo mpikisano woyamba womwewo, ku Welkom m'dziko la South Africa, adawakhaulitsa a Honda.

Nkhanizi zikutiuza kuti njinga imaika malire a liwiro, koma amene amafika pamalirewo popanda kugwa ndi woyendetsa. Luso la Razgatlioglu, mwachitsanzo, limaonekera pogwira mabuleki polowa pakona, osati pokoka moto panjira yowongoka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Phunziro lake ndi lalikulu kwa mabanja kuno kwathu. Makolo ambiri amagulitsa mbatata ya kachewere, tomato kapena ng'ombe kuti agulire mnyamata njinga ya kabaza. Ndalama zonse zimathera pa njingayo, osasiyako ya sukulu yoyendetsa, laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri. Mnyamata amaphunzira masiku ochepa pabwalo la mpira, kenako ali pa M1 kupikisana ndi mathiraki.

Tisaiwale kuti akatswiri aja amathamanga pa bwalo lotchingidwa, onse kulowera mbali imodzi, atavala zovala zachikopa ndi zipewa zolimba, madokotala ali chire. Pa M1 pali mbuzi, ana a sukulu, ngolo ndi maminibasi oima paliponse. Wa kabaza akagwa, amagwa ndi mayi wobereka mwana.

Choncho pokwera njinga musamangoona kuwala kwa penti. Onani ngati matayala ali ndi mano, ngati woyendetsa ali ndi chipewa chanu, ndiponso ngati sakununkha kachasu. Akayamba liwiro muuzeni achepetse, akakana tsikani. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.